Ulendo woyamba wokaona mzinda wa London: ndondomeko yokonzekera musanakwere ndege

Chaka chilichonse ndimalandira mauthenga ofanana kuchokera kwa abale, anzanga a kusukulu ndi a kumpingo amene akukonzekera kubwera ku Britain koyamba. Ena amabwera kudzaonerera mwana akulandira digiri, ena kudzaona mdzukulu wobadwa kumene, ndipo pafupifupi onse amafuna kupatula masiku angapo oti akaone London ndi maso awo. Ndatopa kuyankha mwa zidutswazidutswa pa WhatsApp, choncho ndalemba zonse pamodzi. Tsatirani magawowa monga ndawayalira, chifukwa cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuyamba ndi tikiti ya ndege, pamene tikitiyo imayenera kudikira mpaka gawo lachinayi.

1. Funsani kumene wokulandiraniyo amakhala, ndipo mufunse mpaka mumve

Malangizo ambiri a zokopa alendo salitchula n'komwe gawo ili, chifukwa olemba ake amaganiza za munthu wogona pa hotela ya pakati pa mzinda. Ambirife timafikira kwa m'bale, ndipo apa ndi pamene ulendo umakhalira bwino kapena kuonongeka. Kwathu dzina loti London limaphimba dziko lonse, monga momwe Joni amaphimbira South Africa yense, kaya munthuyo ali ku Durban kaya ku Cape Town. M'bale amene banja lonse limati ali ku London akhoza kukhala ku Leeds, ku Manchester, ku Nottingham kapena ku Glasgow. Kuchokera ku Manchester kapena ku Leeds sitima yothamanga imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo kuti ifike ku London, kuchokera ku Birmingham pafupifupi ola ndi theka, ndipo kuchokera ku Glasgow maola anayi ndi theka. Tikiti ya sitima zoterezi mukaigula tsiku lomwe mukuyendalo imatha kumeza ndalama zimene munasungira sabata yathunthu.

Musakhutire ndi dzina la tauni. Pemphani postcode, yomwe ndi zilembo ndi manambala ochepa oloza msewu weniweni umene pali nyumbayo. Ilembeni mu Google Maps, kenako muone kuti ulendo wa pa sitima kuchokera pamenepo kukafika pa siteshoni ya Westminster ndi wa nthawi yaitali bwanji. Ngati ndi ola limodzi kapena kucheperapo, mukhoza kumagona kwa m'bale wanuyo n'kumapita mu mzinda m'mawa uliwonse. Ngati ukupitirira maola awiri, musadzinamize kuti muzidzapita ndi kubwerera tsiku lililonse. Konzani zogona mu London momwemo masiku awiri kapena atatu, ndipo mugule tikiti ya sitima ya mtundu wa Advance, imene imatsika mtengo chifukwa chogulidwa masabata angapo ulendo usanafike, koma imakumangirirani ku sitima ya nthawi imene mwasankhayo. Mabasi a National Express, amene amafikira pa Victoria Coach Station, ndi otchipa kuposa sitima ngakhale kuti amachedwa.

Funso lachiwiri ndi lovutirapo chifukwa limakhudza manyazi. Mwa chikhalidwe chathu mlendo samusiya kuti ayende yekha, choncho wobwerayo amangoganiza kuti adzaperekezedwa paliponse, ndipo wolandirayo amaopa kunena kuti sangathe. Koma abale athu ambiri kuno amagwira ntchito za mashifiti m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'nyumba zosungiramo katundu, ena usiku wonse, ndipo masiku awo a tchuthi ndi owerengeka, oti amawapempha miyezi isanakwane. Azakhali anga ena anakhala kuno masabata atatu n'kubwerera atangoona sitolo ya pafupi ndi tchalitchi, chifukwa tsiku lililonse ankadikira mwana wawo amene ankafika m'mawa maso ali psuu ndi tulo. Palibe amene analakwa. Panalibe amene anafunsa.

Funsani molunjika koma mwaulemu, musanasankhe n'komwe masiku a ulendo: "Achimwene, pa masiku amene ndidzakhale kumeneko, ndi angati amene mudzakhale mukupuma, ndipo ndi ati amene ndidzayende ndekha?" Mufunsenso za ndalama, kuti za sitima ndi zolowera m'malo olipiritsa adzatulutse ndani. Musaganize kuti popeza munthu amalandira mapaundi ndiye kuti kukulipirirani zonse n'kosavuta. Lendi ya kuno imadya gawo lalikulu la malipiro. Yankho limene mulandire ndi limene likuuzeni kuti masiku anu oonera mzinda ndi angati kwenikweni. Kwa mlendo woyamba, masiku atatu kapena anayi athunthu ndi okwanira.

2. Sankhani nyengo poganizira kuwala kwa dzuwa

Anthu amaopa kuzizira, koma chimene chimasokoneza kwambiri woona malo ndi mdima. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko masana isanakwane, pamene mu Juni kumakhala kukuwala mpaka kupitirira 9 koloko usiku. Miyezi imene kwathu timawotha moto chifukwa cha chiperoni ndi imene kuno kumafunda. Ine ndimalangiza Meyi, Juni kapena Seputembala, chifukwa kumapeto kwa Julayi ndi mwezi wonse wa Ogasiti ana asukulu amakhala pa tchuthi ndipo mizere imatalika paliponse. Ngati mukubwera nthawi ya Khirisimasi, dziwani kuti pa 25 Disembala sitima za pansi pa nthaka ndi mabasi a mu mzinda sayenda.

3. Pemphani viza, ndipo pepala lililonse linene zoona

Nzika za Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe zimafunika viza kuti zilowe mu Britain. Ya mlendo imatchedwa Standard Visitor, imalola kukhala mpaka miyezi 6, ndipo simuloledwa kugwira ntchito pa viza imeneyi. Fomu imalembedwa pa intaneti pa tsamba la boma la gov.uk, kenako mumapita nokha kukajambulitsa nkhope ndi kudinda zala pa malo amene tsambalo likulozereni. Simungapemphe ulendo utatsala miyezi yoposa 3, ndipo yankho kawirikawiri limatenga masabata 3, ngakhale kuti nthawi zina limachedwerapo.

Woweruza pempho lanu amafuna kukhutira pa zinthu ziwiri, kuti ndalama za ulendowu n'zokwanira komanso zodziwika kochokera, ndi kuti muli ndi chokubwezerani kwanu. Choncho kalata ya kuntchito yonena za tchuthi chanu, mapepala a bizinesi, sitetimenti ya ku banki ya miyezi ingapo, ndi kalata ya wokuitanani yokhala ndi adiresi yake ndi umboni woti akukhala m'dzikomo movomerezeka, zonse ziyenera kunena nkhani imodzi. Cholakwa chimene chagwetsa anthu ambiri ndi kubwereka ndalama zambiri n'kuziika mu akaunti masiku ochepa asanatenge sitetimenti. Ndalama zogwa mwadzidzidzi ngati mvula ya chizimalupsa zimadzutsa mafunso, ndipo ndi bwino kuonetsa zochepa zoyenda mwa dongosolo pamodzi ndi kalata ya m'bale amene walonjeza kuthandiza. Mukapereka pepala lachinyengo mukhoza kuletsedwa kulowa m'dzikomo kwa zaka zambiri, choncho musalole munthu wina aliyense kukulemberani fomu inu osawerenga zimene walembazo.

4. Tsopano gulani tikiti ndi kukonza ndalama

Viza ikatuluka ndi pamene mugule tikiti. Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kulibe ndege yopita ku London mosaima panjira. Mumasintha ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Onetsetsani bwalo limene mukatere, chifukwa Heathrow ili kumadzulo kwa mzinda pamene Gatwick ili kumwera, kutali ndithu, ndipo wokuchingamirani akapita kolakwika mudikirana maola.

Nkhani ya ndalama zakunja muiyambe msanga, popeza mukudziwa kale momwe zimavutira kupezeka kwathu. Pitani ku banki yanu ndi pasipoti, viza ndi tikiti, mufunse mlingo wa ndalama zimene khadi lanu lingatulutse kunja kwa dziko, ndiponso ngati limagwira ntchito pongoligunditsa pa makina popanda kulilowetsa. Funso lomalizali ndi lofunika chifukwa malo ambiri ku London salandiranso ndalama zamapepala, ndipo mabasi anasiya kuzilandira mu 2014. Ngati wina akukugulitsani mapaundi, muwayang'anitsitse. Ndalama zakale zapepala za mapaundi 20 ndi 50 zinasiya kugwira ntchito m'masitolo kumapeto kwa Seputembala 2022, ndipo zatsopano ndi zapulasitiki, zoterera m'manja. Gulaninso inshuwalansi ya ulendo, chifukwa mlendo akagonekedwa m'chipatala amalipiritsidwa.

5. Phunzirani mayendedwe musanafike

London ili ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni, koma kuyendamo sikovuta mukamvetsa zinthu zochepa. Sitima za pansi pa nthaka dzina lake ndi Underground, ngakhale kuti eni ake amangoti Tube. Zinayamba mu 1863, ndipo lero pali njanji 11, iliyonse ndi dzina lake ndi mtundu wake pa mapu. Mzinda unagawidwa m'mabwalo otchedwa zone, kuyambira zone 1 pakatikati n'kumafutukuka. Mtengo wa ulendo umatengera mabwalo amene mwadutsa. Pafupifupi zonse zimene mlendo woyamba amafuna kuona zili mu zone 1, pamene Heathrow ili mu zone 6. Kuchokera pa bwalo la ndegelo, njanji ya Piccadilly ndi yotchipa ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi, ya Elizabeth yomwe inatsegulidwa mu 2022 ndi yachangu pang'ono, pamene Heathrow Express imafika ku Paddington pa mphindi 15 koma pa mtengo umene sindingakulangizeni.

Polipira mumagwiritsa ntchito khadi la ku banki logunditsa lija kapena khadi la Oyster, limene mumagula pa siteshoni n'kumaikamo ndalama monga timachitira ndi mayunitsi a foni. Pa sitima mumagunditsa pa kabwalo kachikasu polowa ndi potuluka pomwe. Mukaiwala potuluka, makina amakudulani mtengo wokwera kwambiri. Pa basi mumagunditsa pokwera pokha, ndipo mabasi ena amene mungakwere ola lisanathe simulipiranso. Pali mlingo umene ndalama zodulidwa pa tsiku sizipitirira, koma umagwira ntchito mukagwiritsa ntchito khadi limodzimodzi tsiku lonse. Munthu aliyense akhale ndi khadi lake, kupatula ana osakwana zaka 11 amene amayenda ulere akakhala ndi wamkulu wolipira. Pewani nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito, kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndi 4 mpaka 7 madzulo pakati pa sabata, chifukwa sitima zimadzaza ndipo mtengo umakwera. Pa masitepe oyenda okha imani kudzanja lamanja. Lamanzere ndi la othamanga, ndipo mukaimapo mudzamva kupuma kwa mkwiyo kumbuyo kwanu.

6. Dulani mndandanda wanu, ndipo tsiku lililonse likhale la dera limodzi

Mlendo woyamba amabwera ndi mayina 20 ndipo amafuna kuwatsata monga anawalembera, m'mawa kumadzulo, masana kummawa, madzulo kubwereranso kumadzulo. Akatero tsiku limathera pansi pa nthaka. Tengani mapu, ikani chizindikiro pa malo aliwonse amene mukufuna, ndipo mudzaona okha akuunjikana m'magulu atatu kapena anayi. Gulu lililonse ndi tsiku limodzi, ndipo pa tsikulo malo olipiritsa akhale amodzi okha. Ena onse akhale aulere kapena ongowaonera kunja.

Tsiku loyamba lipite ku Westminster, kumene zonse zimayendeka wapansi. Mukangotuluka pa siteshoni mudzaona nsanja ya wotchi ya Nyumba ya Malamulo ili pamaso panu. Big Ben ndi dzina la belu lalikulu la mkatimo, pamene nsanjayo inatchedwa Elizabeth Tower mu 2012. Patsidya pa msewu pali bwalo la Parliament Square, pomwe pali chiboliboli cha Nelson Mandela, ndipo pambali pake pali tchalitchi cha Westminster Abbey. Kwa ife tchalitchichi ndi choyenera kulipira, chifukwa m'menemo ndi mmene muli manda a David Livingstone. Iye anamwalira mu 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, kumene mtima wake unakwiriridwa, ndipo antchito ake Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzawo ananyamula thupi lake mpaka ku Bagamoyo kugombe la nyanja ya mchere. Anaikidwa mu London mu 1874. Musayembekezere chipilala chachitali. Ndi mwala wathyathyathya wa pansi, pakati pa njira ya m'tchalitchimo, ndipo ambiri amaupondaponda osadziwa, choncho funsani ogwira ntchito akulozereni. Lamlungu tchalitchichi chimatsegulidwira mapemphero okha, osati oona malo.

Kuchokera apo tsatani msewu wa Whitehall, mudutse pa chipata cha Downing Street, msewu umene kumakhala nduna yaikulu ya Britain, pomwe mungosuzumira patali, mufike pa Trafalgar Square. Ambiri amandifunsabe za chiboliboli cha John Chilembwe chimene Samson Kambalu anapanga, chija Chilembwe wavala chipewa ataima ndi mmishonale John Chorley. Chinaikidwa pa bwaloli mu Seputembala 2022, koma pa nsanamira imeneyo zosema zimasinthidwa pakapita nthawi, ndipo chinachotsedwa mu 2024. National Gallery, nyumba yoonetseramo zithunzi zojambula pamanja yomwe ili pomwepo, ndi yaulere. Malizani ndi msewu wa The Mall wopita ku Buckingham Palace. Chakumanja musanafike kunyumba yachifumuyo kuli Lancaster House, kumene Dr Hastings Kamuzu Banda anakambirana ndi boma la Britain za malamulo a Nyasaland mu 1960, ndiponso kumene mgwirizano wa ufulu wa Zimbabwe unasainidwa mu 1979; mudzangoiona kunja. Mwambo wa kusinthana kwa asilikali olondera umachitika cha m'ma 11 koloko m'mawa koma osati tsiku lililonse, choncho ngati mukuufuna onani masiku ake pa intaneti ndipo muyambire kumeneko n'kutsata njirayi chobwerera.

Tsiku lachiwiri lipite kummawa, ku Tower of London, linga limene mfumu William the Conqueror anayamba kumanga m'zaka za m'ma 1070. Mkati mwake mumasungidwa zisoti ndi ndodo zachifumu, zina zokhala ndi zidutswa za dayamondi ya Cullinan imene inakumbidwa ku South Africa mu 1905. Gulani tikiti pa intaneti, mufike potsegulira, ndipo muyambe ndi zisotizo mzere usanatalike. Mlatho wa nsanja ziwiri umene uli pambalipo ndi Tower Bridge, wa mu 1894. London Bridge ndi wina, wosaoneka mochititsa chidwi, ndipo alendo ambiri amatsika pa siteshoni ya dzina limenelo n'kukhumudwa. Wolokani, mutsate mtsinje wa Thames chakumadzulo, mudye pa Borough Market ngati thumba likulola, kenako muwolokenso pa mlatho wa oyenda pansi wa Millennium umene umakufikitsani pa tchalitchi cha St Paul's.

Tsiku lachitatu ndi la nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndipo zikuluzikulu zonse kulowa n'kwaulere, ngakhale kuti ndi nzeru kusungitsiratu nthawi yolowera pa intaneti. Sankhani imodzi, kapena ziwiri ngati miyendo yanu ndi yolimba. British Museum inakhazikitsidwa mu 1753 ndipo simungaimalize ngakhale pa sabata. Onani mwala wa Rosetta umene unathandiza akatswiri kuwerenga zilembo zakale za ku Egypt, mitembo youmikidwa ya ku Egypt, ndi chipinda cha Africa momwe muli zosula zamkuwa zimene asilikali a Britain analanda mu 1897 mu mzinda wa Benin, umene lero uli ku Nigeria, kenako tulukani mutu usanayambe kuwawa. Amene muli ndi ana pitani ku South Kensington, kumene Natural History Museum ndi Science Museum zili moyandikana. Abale a ku Zambia adziwe kuti chigaza chakale chimene chinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921 chimasungidwa ku Natural History Museum, ndipo boma lawo lakhala likupempha kuti chibwerere.

Tsiku lachinayi, ngati lilipo, likhale la chimene mtima wanu umakonda. Okonda mpira akhoza kulipira kuti aonetsedwe mkati mwa bwalo la Emirates la Arsenal kapena Stamford Bridge la Chelsea pa tsiku lopanda masewero. Matikiti a masewero enieni ndi ovuta kupeza kwa munthu amene si membala wa timu, ndipo musagule kwa ogulitsa a mumsewu. Old Trafford ili ku Manchester ndipo Anfield ili ku Liverpool, choncho musaziike pa mndandanda wa London. Chimodzimodzinso Blantyre wa ku Scotland, kumene Livingstone anabadwira mu 1813: ali pafupi ndi Glasgow, ndipo ndi ulendo wina wapadera. Amene safuna mpira akwere boti pa Thames kupita ku Greenwich, kumene kuli mzere umene dziko lonse limawerengerapo nthawi.

7. Zonyamula ndi zodya

Nsapato zoyendera zimene munazizolowera kale ndi zofunika kuposa suti, chifukwa pa masiku amenewa mudzayenda makilomita ambiri wapansi. Tengani jekete losalowa madzi ngakhale mu Juni. Mapulagi a magetsi ndi ofanana ndi a kwathu, a mano atatu, ndipo magalimoto amayendanso kumanzere. Nyama ndi zamkaka zochokera kwathu siziloledwa kulowa m'dzikomo, kaya zouma kaya zophika. Za usipa, ufa, mtedza ndi zina zimene abale akutumani, onani malamulo ake pa gov.uk sabata yomwe mukunyamukayo. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, choncho yendani ndi botolo. Chakudya cha masana chotchipa ndi chimene masitolo monga Tesco ndi Sainsbury's amachitcha meal deal, kutanthauza sangweji, chakumwa ndi kachakudya kena pa mtengo umodzi. Nsima ikakusowani, ufa umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa ku Brixton ndi ku Peckham.

8. Tsiku loyamba kuyenda nokha

Gulani simu khadi ya kuno kapena pemphani m'bale akukonzereni, chifukwa popanda intaneti mapu sakuthandizani. Lembani papepala adiresi, postcode ndi nambala ya foni ya kumene mukugona, muike m'thumba losiyana ndi la foni. Akuba mafoni okwera njinga ndi ambiri pakati pa mzinda, choncho poyang'ana mapu chokani m'mphepete mwa msewu, muime chakukhoma. Pasipoti isiyeni kunyumba, munyamule chithunzi chake. Nambala ya pangozi ndi 999. Mukakwera sitima yolowera kolakwika musatuluke pa chipata. Tsikani pa siteshoni yotsatira, mutsate zikwangwani zopita ku pulatifomu ya mbali inayo, ndipo ina ifika pa mphindi zochepa. Musanachoke m'mawa, onani nthawi ya sitima yomaliza yobwerera kumene mukugona, makamaka ngati ndi kunja kwa London, ndipo mukonze zokwera imene imanyamuka ola limodzi yomalizayo isanakwane.